Katemera Wodikira Mwezi

Lachitatu, 14 Julaye 2021

Aziza wandiponyera kope ili ndi cholembera pamwamba pa mpanda. Akuti ndizilemba zonse zimene madokotala akunena, chifukwa pafoni ndimangoti "tili bwino" ngakhale pamene sitili bwino. Mwana ameneyu pakamwa anatengera ine. Chabwino, ndilemba.

Anatigoneka dzulo masana, ine Tatu ndi amuna anga a Rashidi, bambo a Aziza. Anatipisa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka misozi, ndipo tonse awiri atipeza ndi Kovidi. Tili m'nyumba yakumapeto kwa chipatala, imene anaigawa pakati ndi matabwa opyapyala, amayi kuno, abambo uko. Ndinachonderera anamwino, a Nester, kuti bedi langa ligunde matabwawo ndipo la bambo a Aziza likhale kuseri kwake. Anandichitira.

Pali kachipangizo kopana chala kowerenga mpweya wa m'magazi. Ine 93, iwo 86. A Nester akuti munthu wabwinobwino amayambira 95 kupita m'mwamba. Iwo awaika timapaipi ta mpweya m'mphuno, malita 5. Ine andipatsa panado awiri katatu patsiku ndi mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi.

Ndikuwamva akutsokomola. Chifuwa chawo ndimachidziwa pakati pa amuna onse a ku Liwaladzi: amatsokomola kawiri, kenako n'kukokera "eee" ngati akuvomera nkhani. Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula nacho, lero ndikuchitcherera khutu.

Lachinayi, 15 Julaye

Ine 94. Iwo 87. Kwa iwo jakisoni wa dekisa wochepetsa kutupa kwa mapapo kamodzi patsiku, wina wapamimba woletsa magazi kuundana, wina wapamtsempha.

Pabedi loyandikana ndi langa pali Lenia, mtsikana wa kwawo ku Mulanje, mwamuna wake amadula nzimbe ku Dwangwa. Kudwala akudwala, koma lilime lokha Kovidi yalilephera. Atamva kuti ndinabayitsa katemera kawiri anaseka mpaka kutsamwa.

"Ndiye wakugwirirani ntchito yanji, mayi? Ine sindinabaye n'kamodzi komwe, inu kawiri, koma si uku tagona moyandikana ngati mapasa? Nanga abambowo anathawanso ngati ine eti?"

Ndinamuyankha mokalipa kuti amuna anga sanathawe. Ndilembe pano momwe zinayendera, poti anthu adzayamba kunena zawozawo.

Usipa amaugwira ndi nyali. Bambo a Aziza ndi siginala, ndiye kuti ndiwo amapalasa kabwato kokhala ndi nyalizo. Usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, iwo n'kumauperekeza pang'onopang'ono mpaka ulowe mu chilimira, ukonde waukulu uja, kenako amagogoda bwato ndi nkhafi kuti alovi, anyamata a ukonde, akoke. Mwezi ukawala usipa sulabadira nyali, ndiye asodzi amapuma, kusoka maukonde ndi kukangana ndi akazi awo. Kwathu chilichonse chosafuna changu chimadikira mwezi: kumeta, kukazonda apongozi, kuzula dzino.

Ine jakisoni woyamba ndinabayitsa mu Malichi, nditapita kukatenga mankhwala anga a mwezi ndi mwezi. Mkono unatupa masiku awiri, thupi kutentha, moti ndowa sindinkainyamula. Iwo anaona zimenezo. Mu Juni alangizi a zaumoyo anabwera ndi bokosi lawo la katemera pansi pa mtengo wa mango wa padoko. Anali masiku a mdima weniweni, mwezi kulibe, komanso mwera umene unawomba nthawi yaitali unali utangoleka. Ine ndinabayitsa wachiwiri. Iwo anaima pambali, chingwe chili paphewa, n'kunena pamaso pa aliyense: "Mkono wotupa supalasa bwato. Mwezi ukawala tikabayitsa tonse, ine ndi alovi anga, ndipo ndiwatsogolera ndine." Aliyense anaona kuti ndi nzeru. Mathandala athu oyanikapo usipa anali atakhala mbee kwa nthawi yaitali, ndani akanatsutsa?

Ndipo mawu awo anasunga. Mwezi utawala anasamba, anavala mkanjo woyera, anatsogolera alovi onse kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anakapeza katemera watha, osati kumeneko kokha koma dziko lonse. Anabwerera akuseka kuti mkanjo wachapidwa pachabe.

Lachisanu, 16 Julaye

Ine 95. Iwo 85, malita 8.

A Maganizo, adokotala amene amatiyendera m'mawa, lero ndinawagwira malaya. Ndinawafunsa funso la Lenia lija, poti linandigoneka ndi mutu waukulu.

Anakhala pampando n'kufotokoza mosathamanga. "Amayi, katemera amaonetsa thupi nkhope ya kachilombo kasanafike, ndiye thupi limapanga asilikali m'magazi oti kakangolowa akagwire. Amene munabayitsa inu anamupanga poyang'ana kachilombo koyamba kaja. Kamene kavuta panopa ndi ka mtundu wina, akuti Delta, kanasintha pang'ono pamalo pamene asilikali amagwira. Ena akagwira kamawapulumuka, koma ambiri amagwirabe, makamaka mwa munthu amene anabayitsa kawiri, chifukwa jakisoni wachiwiri amawachulukitsa. N'chifukwa chake mwadwala, komanso n'chifukwa chake simuli pa mpweya."

Ndinaloza matabwa. "Nanga awo?"

"Thupi lawo likuyamba kumene kuphunzira, nkhondo ili kale m'nyumba."

"Ndiye abayeni lero."

"Ngakhale akanakhalapo, katemera sachiza munthu amene wadwala kale. Amafuna milungu ingapo munthu ali bwino."

Lenia anafunsa za iye. Anamuuza kuti alipo amene amapulumuka opanda katemera, makamaka achinyamata, koma palibe amene angadziwiretu kuti ndi uti. 

Masana ndinalankhula ndi bambo a Aziza kudzera pamatabwa. Ndinawauza kuti ndili ndi asilikali. Iwo anati, "Ndinadziwa kale, mayi a Aziza. M'nyumba mwanga ndakhala ndi kapitawo zaka makumi atatu." Kenako chifuwa chinawagwira nthawi yaitali.

Loweruka, 17 Julaye

Mutu. Kutentha thupi 38.4. Sindinadye.

Iwo 84.

Lamulungu, 18 Julaye

Kutentha kwatsika. Ine 95.

Aziza anabweretsa mpunga ndi usipa wofutsa. Chakudya amachisiya pampanda, wantchito wovala zoyera thupi lonse ndiye amatitengera. Ndinatsegula mbale, kununkhiza, osamva kanthu. Ine amene ndimadziwa usipa wa dzulo ndi wa lero ndili kutali ndi thandala! Ndinadya ngati ndikutafuna chiguduli. Lenia anamaliza wotsala, akudandaula kuti mchere wachepa.

Bambo a Aziza awachotsa timapaipi, awaika chophimba mphuno ndi pakamwa chokhala ndi kathumba, malita 10. Awagoneka chafufumimba, akuti mapapo amatseguka bwino. Kulankhula kukuwatopetsa. Ndikaitana akugogoda matabwa ndi supuni, kawiri, monga amachitira ndi nkhafi pabwato.

Agogo amene anali pabedi lapakhomo atisiya m'mawa. Dzina lawo sindinalidziwe. Anawakulunga m'pulasitiki, n'kupopera mankhwala pabedi, ndipo pofika masana panali patagona wina.

Lolemba, 19 Julaye

Ine 96. Iwo 82.

Ndinafunsa a Maganizo ngati sangatunge magazi anga n'kuwathira iwo. Asilikaliwo ine andikwanira, ena angokhala. Sanandiseke. Anati nzeru imeneyo madokotala akunja anaiyesapo, kutenga madzi a m'magazi a munthu wochira, koma kwa odwala kwambiri sinathandize monga ankayembekezera, ndipo kuno zipangizo zake palibe.

M'nyumba mwathu sitinagawanepo kanthu. Bulangete limodzi, mbale imodzi, ngakhale chimfine timapatsirana. Chinthu chimodzi chokha chimene ndili nacho ndekha ndi chimene akuchisowa.

Ndikaganiza za tsiku lija pansi pa mango mtima umandipweteka. Bokosi linali potero, iwo potero, mwina mikono iwiri yokha pakati pake. Mlangizi anachita kuwaitana, "Bambo, bwerani, singano ilipo." Usipa umene anagwira mdima umenewo unali wochuluka ndithu, ndinauyanika ndekha, ogula a ku Kasungu anauthamangira. Pano sindikukumbukira n'komwe kuti tinadya chiyani.

Lachiwiri, 20 Julaye

Ine 97. Iwo 83. Nambala imodzi yokha kukwera, ine ndasangalala tsiku lonse ngati mwana.

A Maganizo akuti ndikhoza kutuluka, ndikabindikire kunyumba. Ndinawauza kuti ndikumva chizungulire. A Nester anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali, kenako anauza adokotala kuti nawonso anandiona ndikudzandira popita kubafa. Mulungu awadalitse mayi ameneyu, Mkhristu koma mtima wake ndi sadaka yokhayokha.

Sadick, mng'ono wawo wa bambo a Aziza, anaimba foni. Alovi awiri akutsokomola koma akuyenda. Akuti shehe anatichitira dua, kutipempherera kumzikiti.

Lachitatu, 21 Julaye

Idi.

Chaka chilichonse tsiku ngati lalero ndimadzuka ndi mpunga wa nyama ya mbuzi, iwo n'kumandisokoneza kufunafuna kofia yawo imene ili pamutu pawo. Lero Aziza anabweretsa nyama pang'ono yochokera kwa anansi. Anaima kuseri kwa mpanda atavala zake za Idi, akundikupizira dzanja. Ndinamuonetsa mano pawindo kuti aone ngati ndikuseka.

A Nester anati poti tonse ndife odwala nthenda imodzi, andiperekeza mbali ya abambo kwa kanthawi. Ndinawapeza atagona chafufumimba, nkhope atatembenuzira kumatabwa, kumene kuli ine. Ndevu zamera zoyera kuzungulira chophimba chija. Mikono ija yopalasa yatsala zingwe. Ndinawapukuta msana ndi nsalu yonyowa, ndinawadula zikhadabo.

Anakweza chophimba pang'ono. "Mwezi uli pati?"

"Watsala pang'ono kudzaza."

"Ndiye kunyanja sindikuluza kanthu."

Ndinawauza kuti atseke pakamwa, mpweya ukutayika. Anapuma, anapuma, kenako anati, "Nyali zanga Sadick asakhudze. Amaswa magalasi."

Ndinati nyali zili kuchipinda kwathu, pansi pa bedi, kiyi ali pachingwe cha m'chiuno mwanga. Anagwedeza mutu. Ndinkafuna kuwauza zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Inu ndi mwezi wanuwo." Anatseka maso, ndipo pansi pa chophimba ndinaona kuti akumwetulira.

Iwo 80. Malita 15. A Nester akuti pamenepo ndiye pothera pa chipangizo cha mpweyacho.

Lachinayi, 22 Julaye

Ine 97. Iwo 76.

Ndaitana, sanagogode. Koma chifuwa chikumveka, kawiri, "eee" uja ndiye wasowa.

Lenia watuluka lero. Mwamuna wake anabwera panjinga yamoto kudzamutenga. Potsazika anandisiyira sopo wake ndi lalanje, n'kunena, "Mayi, ndikapemphera, ngakhale mapemphero athu ndi osiyana." Ndamukondwerera, ali ndi ana aang'ono. Koma ndisaname, mumtima munabwera funso loipa: uyu anakana katemera mwadala, akupita kwawo akuseka, awo anavala mkanjo kukamufuna. Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire.

Sindinachoke pamatabwa tsiku lonse.

Lachisanu, 23 Julaye

M'mawa ndinadzuka kuli zii. Chifuwa osamveka. Ndinati alhamdulillah, Mulungu atamandike, chaphwa, agona tulo tabwino. Ndinafika pouza mayi wa pabedi la Lenia kuti alankhule motsitsa, amuna anga akupuma.

Nthawi yomweyo fungo la mankhwala opopera linandilowa m'mphuno, lamphamvu, lochokera kuseri kwa matabwa. Mphuno zanga zatsegukira pamenepo. Ndinalidziwa, ndi lomwe anapopera pabedi la agogo aja.

Kenako a Nester analowa opanda kachipangizo kopana chala. Anagwada pambali pa bedi langa n'kundigwira manja onse awiri.

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Akuti anapita mwakachetechete kusanache, a Nester ali pomwepo, ndipo anawatembenuzira kumene timayang'ana poswali monga ndinawapempha. Sanasambitsidwe ndi abale. Nsanda imene Sadick anabweretsa anaikulunga pamwamba pa pulasitiki. Awaika masana ano ku Liwaladzi, anthu ochepa, shehe ataima patali. Anthu akuti kufa Lachisanu ndi mwayi.

Sindingathe kulemba zambiri.

Loweruka, 24 Julaye

Ine 98. Ndalemba chifukwa dzanja lazolowera. Malo a nambala yachiwiri ndawasiya.

Mayi watsopanoyu ali ndi kawailesi. Masana kanalengeza kuti katemera wafika ndi ndege ku Lilongwe, ayamba kumutumiza m'maboma masiku akubwerawa. Wodi yonse inayamba kukambirana, wina akuti akabayitsa, wina akuti ayi. Ine ndinafunda chitenje kumutu.

Wantchito wobweretsa chakudya uja, posadziwa kanthu, anati lero anthu ayenda mochedwa chifukwa mwezi ndi wathunthu, kunja kukhala ngati masana.

Mwezi wawala, bambo a Aziza. Katemera wabwera. Zonse ziwiri zimene munkadikira zafika tsiku limodzi, mkanjo wanu uli wochapa m'sutikesi. Mwachedwa kapena mwafulumira, sindikudziwa kuti ndikukalipireni ziti.

Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma ndakhala ndikuwaola tsiku lonse. Mwera ukanawomba masiku awiri ena. Alangizi akanabwera mwezi uli pamwamba. Mkono wanga ukanapanda kutupa mu Malichi inu mukuona. Ndikanakhala ndi ukali umene mumandinenera uja pa tsiku limodzi limene unkafunika.

Lamulungu, 25 Julaye

Ndadya. Mpunga ukumveka kukoma, ndipo zimenezi zandikwiyitsa.

A Maganizo anabwera kudzandipepesa. Anati asilikali anga tsopano aonana ndi Delta maso ndi maso, ndiye achuluka ndipo akudziwa nkhope ziwiri. Koma akuti amachepa pakapita miyezi, ndipo kachilomboka sikanasiye kusintha, ndiye ndikadzamva kuti akubaya wina ndisadzazengereze. Ndinawafunsa kuti asilikali onsewo azilondera chiyani, nyumba yopanda munthu? 

Lolemba, 26 Julaye

Ndikutuluka lero. Chizungulire chatha, palibenso chochinamizira. Ndikupita kukakhala eda, miyezi inayi ndi masiku khumi m'nyumba, monga mwa chipembedzo chathu.

Sadick anabwera ndi Aziza kudzanditenga. Ndinalankhula naye pampanda podikira mankhwala. Maso ake ndi ofiira, walira mkulu wake mokwanira. Anandiuza za maliro, amene anabwera ndi amene sanabwere. Kenako anayamba kukanda pansi ndi chala chaphazi.

"Alamu, mundikhululukire, si nthawi yake. Koma mwezi wayamba kuchedwa kutuluka, sabata yamawa ndi mdima. Alovi ali ndi ana. Ndimati nyali zija, ine ndiyese kukhala siginala."

Ndinamufunsa ngati wamva za katemera. Anati wamva, alangizi akuti kwathu afika sabata yamawa yomweyo.

"Ndiye?"

"Tikabayitsa ndithu, alamu, tonse. Kungoti wafikanso mumdima. Tikangomaliza mdima umenewu, mwezi ukawala..."

Sanamalize. Anadzimva yekha. Aziza anatembenukira kumsewu.

Sindinakalipe, mphamvu yake ndinalibe. Ndinamuonetsa kiyi wa m'chiuno mwanga. Ndinati nyali zili kuchipinda kwa mkazi wa eda, kumene mwamuna salowa. Mwini wake anati Sadick asakhudze, koma ine ndidzamupatsa, ngakhale aswe magalasi onse. Adzabwere pakhomo iye ndi alovi onse, aliyense mkono uli wotupa, Aziza adzawaone ndi maso ake, ndipo adzawatulutsira nyalizo. Masiku awiri a usipa adzapita, ana adzadya chinangwa chokazinga, sadzafa nacho.

Anati, "Ndamva, alamu." Kaya wamvadi, tidzaona pakhomo.

A Nester andipatsa katundu wa bambo a Aziza m'jumbo atamupopera mankhwala: kofia, tasibihi yawo yopempherera, foni, ndi supuni ija. Supuni ndi yachipatala, koma anati nditenge.

Ndapinda zofunda. Ndikulemba izi nditakhala pabedi, jumbo lili pamiyendo. Kuseri kwa matabwa agonekapo kale munthu wina. Posachedwapa anatsokomola kawiri, ine n'kusiya kulemba, kudikira "eee".